Belu la kusukulu likasiya kulira: zomwe taona zikuthandiza achinyamata a autismo ndi TDAH kuno ku Tete

Mabanja ambiri amene timakhala nawo pansi ku Angónia, ku Tsangano mpaka ku Moatize amabwera ndi dandaulo limodzi: mwana anali bwinobwino ali pasukulu, wayamba kusokonekera atamaliza kapena atalekeza panjira. Amagona mpaka dzuwa kufika pamutu, ntchito akaipeza sakhalitsa, ndalama sizimugonera m'thumba, kapena wangodzitsekera m'nyumba osafuna kuona munthu. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi chamba, ena amati ndi ulesi chabe. Tikafunsitsa mbiri yake kuyambira ali wakhanda, kawirikawiri timapeza kuti vutolo silinayambe chaka chino. Sukulu ndi imene inkamuchirikiza. Belu linkamuuza nthawi, aphunzitsi ankamuuza chochita, mayeso ankamuikira tsiku. Zonsezi zikachoka nthawi imodzi, munthu amene ubongo wake umavutika kudzikonzera tsiku amagwa ngati nyemba zoyanga mukazula phesi la chimanga limene zinayangapo. Ntchito yaikulu ya uphungu pa msinkhu uwu ndi kumuzikira phesi lina, loti aligwire yekha.

Mayina awiriwa, autismo ndi TDAH, tawalemba momwe mudzawamvere kuchipatala, m'Chipwitikizi. Kutsidya ku Malawi ndi m'mabuku a Chingerezi amati autism ndi ADHD. Munthu wa autismo amavutika kuwerenga zomwe anzake akutanthauza popanda kuzinena, amafuna zinthu ziyende m'njira imene wazolowera, amakonda kwambiri nkhani imodzi kapena ziwiri, ndipo phokoso, kuwala, fungo kapena nsalu yokanda zimamupweteka kuposa ena. Wa TDAH amadziwa bwino choyenera kuchita koma kuyamba, kupitiriza ndi kumaliza ndiye nkhondo. Amaiwala, amachedwa, amachita asanaganize. Zonse ziwiri munthu amabadwa nazo ndipo zimayenda kwambiri m'magazi. Sizibwera chifukwa cha kulera molakwika, ndiponso si katemera: kafukufuku wa mu 1998 amene anafalitsa mphekesera imeneyo anachotsedwa mu 2010 ndi magazini yomwe inamusindikiza. Mu 2023 bungwe la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana 1 pa 100 ali ndi autismo. TDAH imapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100, ndipo mwa akuluakulu 2 kapena 3 pa 100. Mpaka 2013 buku la madokotala a ku America la DSM silinkalola kulembera munthu mmodzi zonse ziwiri. Lero zimadziwika kuti ambiri ali nazo limodzi.

Khomo lolowera ndi centro de saúde yapafupi kapena chipatala cha boma la kwanu, monga cha ku Ulónguè. Funsani técnico de psiquiatria kapena psicólogo. Iwowa akaona kuti pakufunika kuunika kozama amalemba kalata (guia) yopitira ku Hospital Provincial de Tete. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumaonetsa autismo kapena TDAH. Zonse zimachokera m'mbiri, choncho mbiriyo muikonzeretu kunyumba. Pitani ndi munthu amene anamulera asanakwane zaka 12, kaya ndi amayi, agogo kapena azakhali, chifukwa pa TDAH zizindikiro ziyenera kukhala zinayamba msinkhu umenewo usanakwane, zikuoneka m'malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kuntchito, ndipo zatha miyezi 6. Tengani khadi la kusikelo ngati lilipo, makope akale a kusukulu, ndi pepala limodzi lolembapo zochitika zisanu zenizeni za miyezi yapitayi. Musalembe kuti "ndi wosamva." Lembani kuti "anatumidwa kuchigayo ndi chimanga, anabwera ndi ufa koma anaiwala njinga." Pali mafunso ofufuzira achidule, ASRS a TDAH ndi AQ-10 a autismo, amene amapezeka pa intaneti. Amangosonyeza ngati kuli koyenera kukaunikidwa, sapereka yankho lomaliza.

Pali zinthu ziwiri za kwathu kuno zimene zimasokeretsa ofufuza. Mabuku amati wa autismo sayang'ana munthu m'maso, koma kwathu mwana wolemekezeka sayang'ana wamkulu m'maso chikhalire. Funso loyenera ndi lakuti amatani akakhala ndi anzake a msinkhu wake. Chachiwiri ndi atsikana. Mtsikana wofatsa, wosatuluka, wochita zonse zomwe wauzidwa amatamandidwa kuti ndi wamakhalidwe, pamene mkati akuthera mphamvu zonse kutengera momwe anzake amasekera ndi kuyankhira. Kudzibisa kotereku kumatopetsa. Amatha zaka akuoneka bwino, kenaka pa zaka 19 kapena 22 n'kungotheratu: osadzuka, osayankhula, ngakhale kuphika kumene ankakudziwa kumamukanika. Uzaninso wofufuzayo ngati pali khunyu, vuto la kumva, malungo amene anafika kuubongo ali mwana, mowa kapena chamba, chifukwa izi zimatha kufanana ndi zizindikirozo kapena kuzikulitsa.

Tsopano kucheza kwenikweniko. Uphungu wamba, woti munthu akhale pampando n'kufotokoza za mumtima mwake, umalephera pa achinyamata ambiri a autismo, ndipo akalephera amatchedwa ouma mutu. Funso lakuti "mukumva bwanji?" ndi lalikulu kwambiri. Ambiri amavutika kupatsa dzina zomwe akumva, ena sazindikira ngakhale njala kapena ludzu mpaka mutu utayamba kuwawa. Chimene chimathandiza ndi kuyambira pathupi ndi pa manambala. Jambulani makwerero a masitepe 5 papepala. Pa 1 thupi lili phee, pa 5 waphulika. Iye mwini alembe zomwe zimachitika pa sitepe iliyonse: pa 2 mwina amayamba kutafuna kolala ya malaya, pa 3 mawu a anthu amamveka ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni, pa 4 mawu ake omwe amakana kutuluka. Pepala limeneli ndilo chida cha miyezi yonse yotsatira.

Wofunsa afunse funso limodzi, kenaka adikire masekondi 10 osawonjezera mawu. Masekondi 10 ndi ambiri kuposa momwe mukuganizira, ndipo makolo ndi amene amafulumira kuyankhira mwana, apempheni adekhe. Miyambi muisiye panja. Ife Achewa tikafuna kulangiza timathamangira mwambi, koma mnyamata wina atauzidwa kuti mutu umodzi susenza denga anakhala chete, kenaka anafunsa mwaulemu kuti, "Ndi denga la nkhokwe kapena la nyumba?" Sankachita chipongwe. Anafunika kuuzidwa kuti, "Ukalephera kudzaza fomu, uitane achimwene ako akuthandize." Ngati técnico ndi wochokera chigawo china ndipo salankhula Chichewa, womasulira asankhidwe ndi mwini nkhani, ndipo pakhale mphindi zina zoti makolo atuluke, poti pali nkhani za chibwenzi, mowa ndi maganizo ofuna kufa zimene mwana sanganene pamaso pa bambo ake. Nthawi ya kuchipatala ndi yochepa ndipo mzere ndi wautali, choncho pitani ndi nkhani imodzi yokha ulendo uliwonse, ndipo musatuluke chochita cha sabata imeneyo chisanalembedwe. Ngati phokoso la pamzere limamufikitsa pa 4 asanalowe n'komwe, wina aime pamzere, iye adikire panja pamthunzi.

Pa TDAH njira imene yaonetsa zipatso kwa akuluakulu ndi uphungu wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, wosinthidwa kuti uphunzitse luso. Gulu la Steven Safren ku Boston linayesa pulogalamu ya maulendo 12 mwa anthu amene ankamwa kale mankhwala koma zizindikiro zisanathe, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2010. Mtima wa pulogalamuyo ndi chinthu chotsika mtengo: kalendala ndi mndandanda wa zochita, zosungidwa malo amodzi. Kuno timagwiritsa ntchito kope limodzi laling'ono, kaderno yokwana m'thumba la buluku kapena m'kachikwama. Tsamba lamanzere ndi la zinthu za tsiku ndi ola lake, lamanja ndi la zochita. Chochita chilichonse chipatsidwe chilembo: A ndi cha lero kapena mawa, B ndi cha sabata ino, C chikhoza kudikira. Za A zisapitirire zitatu. Munthu wa TDAH amathamangira za C chifukwa n'zosavuta, madzulo n'kupeza watsuka njinga, wakonza wailesi, koma feteleza sanakatenge.

Kalembedwe kake ndi kofunika kuposa momwe anthu amaganizira. "Kupanga chiphaso cha BI" si chochita, ndi phiri, ndipo lidzakhala m'kopemo miyezi itatu. Lembani phazi loyamba lokha: "Lolemba m'mawa kufunsa amalume komwe kuli chikalata cha kubadwa." Chikachitika, lembani lachiwiri. Ngati chinthu chakhala masiku atatu osakhudzidwa, ndiye kuti chikadali chachikulu, chiduleninso. Kopelo litsegulidwe kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imangiriridwe ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse, monga akangomaliza tiyi wam'mawa ndi akangosamba m'manja pambuyo pa nsima yamadzulo. Alamu ya foni ithandizire, koma kalizidwe kake kazisinthidwa sabata ziwiri zilizonse chifukwa khutu limazolowera n'kusiya kumva.

Zimene zimapha njira imeneyi tazionapo kambirimbiri. Yoyamba ndi kuchulukitsa malo olembapo: zina pafoni, zina pachikhatho, zina kuseri kwa lisiti. Yachiwiri ndi makolo kulanda kopelo n'kulisandutsa chikwapu, kumaliwerenga madzulo ngati mlandu. Kope ndi la mwini wake, wina alembemo pokhapokha atapemphedwa. Yachitatu ndi manyazi. Adzalisiya masiku anayi kapena sabata yathunthu, zimenezo n'zosapeweka, ndipo akalipeza amaona masamba opanda kanthu n'kunena kuti walepheranso. Gwirizanani kuyambira tsiku loyamba kuti kulisiya ndi mbali ya njirayo, ndipo chochita ndi kungotsegula tsamba latsopano n'kulemba deti la lero. Amene kuwerenga kumawavuta angathe kujambula zithunzi, kudzitumizira mawu pa WhatsApp, kapena kuika nyemba zitatu m'thumba lamanzere n'kumasamutsira imodzi kumanja ntchito ikatha.

Pa kukhazikika pa ntchito yotopetsa, yambani ndi kuyeza. Atenge ntchito imene saikonda, monga kuwerenga za mayeso a laisensi, aone pa wotchi mphindi zimene atha asanadzuke kapena kugwira foni. Ayese katatu pa masiku osiyana. Zikakhala mphindi 12, ntchito izidulidwa m'zigawo za mphindi 12, kupuma mphindi 3 mpaka 5 ataimirira, kenaka kubwerera. Ganizo lina likabwera pakati, monga kuti sanaimbire mnzake, alilembe m'kope n'kupitiriza, adzaliona alamu ikalira. Foni yokhayo ikhale patali poti sangaifikire atakhala. China chimene makolo athu ankachidziwa kale pa dima ndi chakuti khasu limapepuka ukamalima pafupi ndi anzako. Munthu wa TDAH amagwira bwino ntchito wina akakhala pafupi akuchita zake, osamulondera, osamuyankhulitsa. Mlongo wake akamasankha nyemba pakhonde, iye adzaze fomu yake pomwepo.

Ndalama ndi pamene mabanja amakanganirana kwambiri. Kuno ndalama zambiri zimabwera nthawi imodzi, akagulitsa fodya kapena mbatatesi, ndipo M-Pesa, e-Mola ndi mKesh zachititsa kuti kuwononga kukhale kwa masekondi ochepa, makamaka pa kubetcha kwa pafoni. Kulangiza kuti "uzisamala" sikuthandiza, chifukwa vuto si kusadziwa. Chofunika ndi kuika mtunda pakati pa dzanja ndi ndalama. Akhale ndi manambala awiri: ya tsiku ndi tsiku, ndi yosungira imene SIM yake imakhala kunyumba m'sutikesi. Lolemba lililonse asamutse za sabata imeneyo zokha. Chogula chilichonse choposa mlingo umene iye mwini wasankha, tinene 500 MT, chigonere usiku umodzi chitalembedwa m'kope. Xitique, chipereganyu chathu chija, chimathandiza ambiri chifukwa tsiku lopereka ndi lodziwika ndipo anzake amamukumbutsa. Zonsezi zichitike iye atavomera. Kumulanda foni kapena malipiro kumangomuphunzitsa kubisa. Kwa wa autismo ngozi imakhala ina: amakhulupirira mawu momwe anenedwera, ndiye "anzake" amamubwereka osabweza kapena kumupempha PIN. Muphunzitseni chiganizo chimodzi choti aziyankha nthawi zonse, ndipo muchiyeserere limodzi mokweza mpaka chizolowereke: "Za ndalama ndimayankha mawa."

Kuphulika, kumene ena amakutenga ngati misala kapena ziwanda, kumafuna kufotokozedwa bwino chifukwa n'kumene kumachititsa achinyamata kumangidwa zingwe. Munthu wa autismo zinthu zikamuchulukira, phokoso, kutentha, anthu, kusintha kwa dongosolo mwadzidzidzi, amafika poti sangathenso kudzigwira. Ena amakuwa, kulira, kudzimenya mutu kapena kuthawa. Ena amazima: amangokhala duu, osayankha, maso pansi. Si mwano, ndipo sakufuna kupeza kanthu. N'chifukwa chake kumuopseza kapena kumunyengerera sikuletsa. Kwa sabata ziwiri lembani nthawi iliyonse zikachitika: ola, malo, anagona maola angati, anadya liti, kunali phokoso lanji, chinasintha n'chiyani. Pafupifupi nthawi zonse njira yake imaonekera. Mtsikana wina wothandiza amayi ake kugulitsa tomato ankaphulika masana a tsiku la msika okhaokha. Pepala linaonetsa kuti benchi lawo linali pafupi ndi wogulitsa nyimbo wa sipika yaikulu, ndipo iye sankadya kanthu kuyambira mbandakucha. Anasinthana malo ndi mnzawo wa kumapeto kwa mzere, anayamba kudya chinangwa 10 koloko, ndipo akafika pa 3 pa makwerero ake amapita kukakhala kuseri kwa sitolo mphindi 15. Mu mzinda wa Tete, kumene Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, maulendo a ku msika wa Kwachena kapena pa chapa akonzedwe m'mamawa. Zotsekera m'makutu zimene ogwira ntchito ku migodi ya ku Moatize amavala, chipewa ndi magalasi a dzuwa ndi zida zenizeni, musaziyese zodzikongoletsera.

Zikachitika, anthu achepe. Mmodzi yekha ayankhule, motsitsa mawu, mawu ochepa: "Ndili pano. Tiye panja." Zimitsani wailesi, chotsani mipeni ndi moto pafupi. Musamugwire pokhapokha akuthamangira kumsewu kapena kumoto, musamuthire madzi, musamuzungulire ndi mapemphero okuwa ngakhale cholinga chili chabwino, pakuti phokosolo ndi nkhuni pamoto. Zikatha amakhala wotopa ndi wamanyazi. Mupatseni madzi akumwa ndi malo amdima, ndipo nkhaniyo ikambidwe mawa lake. Kugwedeza thupi, kupukusa manja, kung'ung'udza kapena kuseweretsa kamwala m'manja ndi njira zake zodzitsitsira pa makwerero aja, musazilete ngati sizimuvulaza. Muzisiyanitsanso ndi khunyu, limene limapezeka kwambiri mwa anthu a autismo kuposa ena. Pa khunyu munthu amakomoka, amauma, amanjenjemera ndipo mwina amadzikodzera. Mugonekeni chammbali, musaike kanthu m'kamwa, ndipo likapitirira mphindi 5 thamangirani kuchipatala.

Maliro, tchalitchi, ukwati ndi gule sizithawika, ndipo amene sapezekako amanenedwa. Njira imene taona ikuyenda ndi yoti amalume kapena azakhali akafotokozeretu kwa anyakwawa ndi akuluakulu a mpingo, kenaka wachinyamatayo apatsidwe ntchito yodziwika ya m'mphepete, monga kutunga madzi, kuwaza nkhuni kapena kulemba chipepeso. Afike msanga anthu asanachuluke, apepese anamfedwa, agwire ntchito yake, achoke pa ola limene mwagwirizana.

Pa ntchito, yang'anani malo ogwirira kuposa dzina la ntchitoyo. Ambiri a autismo amachita bwino pa zinthu za ndondomeko yosasintha: kusankha fodya, kuyeza pa sikelo ndi kulemba matumba, kukonza mafoni, kusoka, kusamala ziweto. Ambiri a TDAH amafuna ntchito yoyendayenda ndi yosinthasintha, koma apa tichenjeze za njinga yamoto, imene anyamata ambiri amathamangira. TDAH imawonjezera ngozi za pamsewu. Ngati ayendetsabe, chisoti chisachoke pamutu, foni ikhale m'thumba lotseka, asayendetse atagona mochedwa ndipo mowa asaukhudze n'komwe. Kwa bwana sikofunika kutchula dzina la vutolo ngati mwini sakufuna. Ndi bwino kupempha zinthu zenizeni ziwiri kapena zitatu: "Mundiuze chimodzi chimodzi, kapena mundilembere." "Mukafuna kusintha ndondomeko mundiuze dzulo lake." Maphunziro a ntchito zamanja a ku sukulu ya boma ya IFPELAC amayenera ambiri chifukwa ndi aafupi ndipo amaphunzira akuchita. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2012, ndipo mu 2024 linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wawo. Amene vuto lawo ndi lalikulu moti sangadzipezere chakudya akafunse ku INAS, ofesi yothandiza ovutika, za thandizo la boma, atatenga kalata ya kuchipatala.

Za mankhwala tinene mosabisa. Palibe mankhwala ochotsa autismo, kaya a kuchipatala, a zitsamba kapena ogulitsidwa pa Facebook. Risperidona nthawi zina amaperekedwa pa kukwiya koopsa ndi kudzivulaza, koma amanenepetsa ndi kugonetsa, choncho ayenera kukhala a mlingo wochepa, owunikidwa pafupipafupi, ndipo abwere pambuyo pofufuza chimene chikumuvutitsa, chifukwa nthawi zina ndi dzino lowawa kapena kudzimbidwa kumene sakutha kukunena. Pa TDAH mankhwala odziwika ndi metilfenidato, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalina. Amathandiza ambiri, koma ndi olamulidwa ndi lamulo, amafuna kalata ya dokotala, ndipo musayembekezere kuwapeza pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Mtundu wofulumira umagwira maola 3 mpaka 4, ndipo akuluakulu amayamba ndi 5 mg kawiri kapena katatu patsiku, dokotala n'kumakweza pang'onopang'ono. Asanayambe ayezedwe kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima ndi kulemera, ndipo anene ngati m'banja muli matenda a mtima. Amachepetsa chilakolako cha chakudya, ndiye adye asanamwe. Akamwedwa madzulo amalanda tulo. Musagule kwa munthu wamba kapena kugawana ndi mnzanu. Mtsikana amene akumwa valproato chifukwa cha khunyu akambirane ndi achipatala asanatenge mimba, chifukwa mankhwalawa amatha kuvulaza mwana m'mimba, koma asawasiye yekha mwadzidzidzi.

Tulo timatiika patsogolo pa mankhwala onse. Ambiri a TDAH ndi autismo tulo timawabwerera mochedwa. Musalimbane ndi ola logonera, gwirani ola lodzukira: likhale limodzi tsiku lililonse, ngakhale Lamlungu, ndipo akadzuka atuluke panja padzuwa. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zithere masana, foni igone chipinda china. Pamatenga sabata ziwiri kapena zitatu kuti thupi litsatire.

Banja si mankhwala. Mawu akuti "akakwatira asintha" avulaza ambiri, makamaka mnyamata wopita ku chikamwini, kumene malamulo onse a pakhomo ndi achilendo ndipo aliyense akumuyang'ana. Ambiri amamanga mabanja abwino, koma wokwatirana naye ndi ankhoswe adziwe zoona zake zisanachitike. Nkhani za kugonana zinenedwe mwachindunji, popanda zining'a za kuchinamwali: kuvomera n'kutani, kukana n'kutani, ndi ziti zochitira poyera ndi ziti ayi, ndi ndani woti amuuze wina akamukakamiza. Ku SAAJ, chigawo cha kuchipatala chimene chimalandira achinyamata mpaka zaka 24, angathe kufunsa yekha. Kwa woiwalaiwala, njira yolera ya jakisoni wa miyezi itatu kapena implante ya pamkono imadalirika kuposa mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Amene ali pa ma ARV amangirire piritsi ku chinthu cha tsiku lililonse monga tinachitira ndi kope.

Nkhawa ndi kuvutika maganizo zimayenda kwambiri ndi zonse ziwirizi, ndipo chiopsezo cha kudzipha n'chachikulu kuposa mwa achinyamata ena. Wa autismo akhoza kunena kuti akufuna kufa ndi nkhope yosasintha, ngati akunena za mvula, ndipo anthu n'kuganiza kuti akungoyankhula. Mukhulupirireni. Mufunseni mwachindunji ngati waganiza njira ndi tsiku. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu. Tsiku lomwelo mankhwala opopera mbatatesi, tomato ndi fodya, a makoswe, zingwe ndi mapiritsi onse zitsekeredwe kunyumba ina, asasiyidwe yekha, ndipo mupite naye ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi, osadikira tsiku la consulta.

Pomayamba uphungu sankhani zinthu ziwiri zowerengeka, monga masiku amene wafika kuntchito pa nthawi yake ndi kuchuluka kwa kuphulika pa sabata, muzilembe patsamba lomaliza la kope. Pakatha maulendo 6 kapena 8 yerekezerani. Ngati palibe chasintha, njirayo isinthidwe, osati kumuimba mlandu mwiniyo. Wothandiza amene akulonjeza kuchiritsiratu, wokakamiza kuyang'ana m'maso, woletsa kugwedeza thupi, womenya, womanga unyolo kapena wosalitsa chakudya mokakamiza, musabwererekonso, kaya wavala gauni yoyera, ya mpingo kapena ya using'anga. Zinthu zikayamba kuyenda musasiye mwadzidzidzi. Talikitsani maulendo, kuchoka pa sabata ziwiri kufika pa mwezi, kenaka miyezi itatu, ndipo konzeranitu ulendo wina nthawi iliyonse pakubwera kusintha kwakukulu: ntchito yatsopano, kusamukira ku Tete kapena ku Lilongwe, ukwati, kubadwa kwa mwana, imfa ya amene ankamuchirikiza. Pa ulendo wotere atenge kope lakale ndi pepala la makwerero lija, kuti wothandiza watsopano akayambire pamene wakale analekezera.